Mpira wa Takondwa ndi Nkhata Imene Sindinayale

Amayi anga, kumene muliko kukucha bwanji?

Kuno ku Glasgow kukucha mochedwa monga mukudziwa. Disembala akafika dzuwa limangosuzumira n'kubwerera. Mvula ndi yomwe ija munkaidandaula mutabwera kudzationa, yosagwa kwenikweni koma yosaleka, imene munkati ndi mvula yopanda ntchito poti palibe amene akubzala. Chatha chaka chathunthu chichokereni inu, ndipo aka n'koyamba kukulemberani. Sikuti nthawi inasowa ayi. Ndinali ndi manyazi, ndipo ndikadali nawo.

Ndiyambe ndi zabwino, paja simunkafuna munthu woyamba kudandaula asanakhale n'pansi pomwe. Kumudzi, mdzukulu wanu Tiyanjane, mwana wa achemwali anga a Eneless, anachira mu Julaye. Ndi mwana wamkazi, amutcha dzina lanu. Akuti akalira mudzi wonse umadziwa, ndiye dzinalo lapeza mwini wake. Munda wanu wa kudambo a Eneless anaulima. Chimanga chinachita bwino, koma mtedza unawola ndi mvula yomaliza. Mbuzi yanu yamakani ija ikadalipo, ndipo yayambanitsa kale banja lathu ndi makomo awiri chifukwa cha kabichi.

Ife tinasamuka ku Govanhill, tili ku Gorbals tsopano, m'nyumba yokhala ndi chikepe, chifukwa bondo la mpongozi wanu, amake Takondwa, linakana masitepe. Nthanga za maungu zimene munatisiyira tinazibzala pakadimba kathu kalendi. Zinamera bwinobwino, tikuwerengera kale nkhwani wotendera, kenako nkhono zinadya zonse osasiya ndi tsamba limodzi. Amake Takondwa analira ngati waonongeka ndi munda waukulu. Ine ndinadziwa kuti sakulirira maungu.

Tsopano za mdzukulu wanu Takondwa, amene ali pakoleji ku America. Mukukumbukira tsiku limene anaswa galasi la a neba athu ndi mpira, inu muli kuno? Ine ndinkafuna kumukwapula, inu munandiletsa. Munati, "Musiye, mwendo umenewo udzamudyetsa." Zinachitikadi. Kochi wina anaona kanema wake, n'kumupatsa sikolashipu kuti azikasewera mpira wawo uja wa zisoti, wooneka ngati papaya. Ntchito yake ndi imodzi yokha. Anzake akagwetsana mpaka kutopa, iye amalowa, n'kumenya mpira kuti udutse pakati pa zitsulo ziwiri zazitali, n'kutuluka malaya ali oyera. Nditakufotokozerani pafoni munaseka mpaka kutsokomola. Munati, "Ndiye azungu akulipirira sukulu munthu womenya mpira katatu pa sabata? Bwanji osanditenga ine?"

Kumeneko nyengo ya mpira ikatha, makoleji amene achita bwino amaitanidwa kukasewera masewero amodzi apadera kumzinda wina wofunda, cha ku Khirisimasi. Amawatcha bowl, ndipo nditakuuzani kuti mawuwo akutanthauza mbale, kwathu dzina linakhala lomwelo, masewero a mbale. Koleji ya Takondwa ili m'katauni kozunguliridwa ndi chimanga ngati kwathu ku Mponela, ndipo mbiri yake pamasewero amenewa inali yomvetsa chisoni. Chiyambire anali atapitako katatu kokha. Koyamba, nthawi ya zithunzi zopanda mtundu, anagonja m'matope. Kachiwiri theka la timu linagwidwa ndi chimfine ali m'njira, moti anangokaonekera. Kachitatu pankangofunika kumenya kamodzi kuti apambane, koma womenya wawo anaphonya. Bamboyo ndi wokalamba tsopano, amagulitsa mathirakitala m'tauni momwemo, koma akuti mpaka posachedwapa akalowa m'sitolo anthu ankatsitsa mawu. Kuchokera pamenepo panadutsa zaka zambiri osaitanidwanso.

Zonsezi ndinaziloweza pamtima, amayi, ine amene sindidziwa tsiku limene munabadwa. Ndinkazifotokoza kutchalitchi pa nthawi ya tiyi mpaka azibambo anzanga ankathawira kotsuka makapu. Inu munkandidziwa bwino. Munkati, "Iwe Filipo umakonda zinthu zoti ukanene pagulu."

Chaka chatha anaitanidwa kachinayi, womenya wawo ali Takondwa. Ndinagula tikiti ya ndege, ndinagula mbendera ya Malawi yaikulu ngati nsalu ya pabedi. Masewero anali Loweruka. Lachiwiri masana, ndili kuntchito, foni inalira, ndipo anali alongo anu, a malume Bizaliele. Amayi, munthu aliyense wa kwathu akudziwa chimene chachitika a malume akaimba okha. Matenda wamba amanenedwa ndi achemwali. A malume aja chibwerereni ine kuno sanandiimbirepo, amangofulasha kuti ndiimbe ine. Tsiku limenelo anaimba, n'kunena kuti, "Filipo, mayi ako tawagoneka kuchipatala. Ngati pali ndege ya mawa, ukwere."

Ndinawayankha kuti kuno kwagwa chipale chofewa, ndege sizikunyamuka. Panja pankagwa kamvula kathu komweka. A malume anati, "Chabwino, tamva." Lachitatu ndinakweradi ndege, koma yolowera kwina.

Ndinadzinamiza mwaluso kwambiri. Ndinkati mwadwalapo kangapo n'kudzuka, ndikangoonera masewero ndidutsira konko kubwera kwa inu. Amake Takondwa anandiimirira pakhomo, chikwama chili m'manja mwanga, n'kundiuza maso ndi maso kuti, "Bambo a Takondwa, mpira udzabweranso chaka cha mawa. Amayi ndi amodzi." Ndinawauza kuti asandiphunzitse za amayi anga. Paja munkati ife ophunzira tikafuna kunama timayamba tavala tayi. Tsiku limenelo ndinali nditavaladi.

Uthenga wa a Eneless unandipeza Lachisanu m'mawa kuhotela. Unali waufupi: amayi atisiya, tiika Lamulungu. Ndinakhala pabedi, ndinalira, kenako ndinasamba kumaso n'kupita kukaonana ndi Takondwa. Sindinamuuze. Ndinabisala kuseri kwa mwambo wathu uja woti mwana amene akulemba mayeso sauzidwa za maliro mpaka atamaliza. Mwambowo ndi woteteza mwana, koma ine ndinautenga n'kudzifunditsa ndekha.

Ndipo anapambana, amayi. Nthawi itatsala pang'ono kutha anali akutsalira pang'ono, ndiye anaitana mdzukulu wanu. Bwalo lonse linangoti zii. Anabwerera m'mbuyo masitepe ake atatu, awiri cham'mbali, n'kumenya. Mpira unadutsa pakati penipeni. Bambo wa mathirakitala uja anamuonetsa pakanema wamkulu wa m'bwalo akulira ngati mwana. Ine ndinavina ndi mbendera, ndikukuwa kuti ndi mwana wanga mpaka mawu anatha. Chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti ndinasangalala zenizeni, osati mokakamiza. Inu muli m'bokosi pasiwa, azimayi a kutchalitchi akukuimbirani, ine ndinali munthu wosangalala kuposa tsiku lina lililonse la moyo wanga.

Takondwa ndinamuuza Lolemba. Ndinati munamwalira mwadzidzidzi ndipo uthenga unachedwa. Anandikhulupirira, mpaka anandikumbatira akundipepesa ine. Mu Febuluwale ndinapita kumudzi, ndinalira pamanda panu, anthu akundigwira paphewa n'kumati chipale cha kunja n'choipa. Ndinkangovomera ndi mutu.

Chaka chino aitanidwanso, kachisanu. Takondwa anaimba sabata yatha, ndi Chingerezi chake cha ku Glasgow chimene munkati amalankhula ngati ali ndi mbatata yotentha m'kamwa. Akufuna kuti ndipiteko. Anandiuzanso kuti mpira umene anamenya chaka chatha anamupatsa, wausunga, ndipo tikadzapita kukavundukula chiliza chanu akufuna akauike pamanda, akauze anthu kuti anamenyera agogo ake asakudziwa kuti apita. Anamaliza ndi Chichewa chake chothyokathyoka. Anati, "Adadi, agogo akanakondwa, eti?" Ndinati eya, n'kunamizira kuti netiweki ikuvuta.

Ndiye Loweruka lapitali ndinaimbira a Eneless kuti ndiulule ndekha, mpirawo usanakandiulule. Ndinayamba ndi mawu ambirimbiri monga mwa ine. Anandidula.

"Achimwene, tinakuonani."

"Munandiona kuti?"

"Pafoni ya alamu anu. Lamulungu m'mawa, tisananyamule maliro. Kanema ankayenda m'magulu, akuti Mmalawi wawinitsa timu ku America. Munali ndi mbendera, mutavala jekete lija amayi ankati limakuonetsani ngati thumba la feteleza."

Ine munthu wogwira ntchito ya makompyuta, ndinaiwala kuti kumudzi kulinso mafoni. Ndinafunsa ngati a malume anaona. A Eneless anati anayamba kuona ndi iwowo, n'kubweza foni. Itakwana nthawi yoti alankhule ngati mwinimbumba, anaimirira pamaso pa anthu onse n'kunena kuti mwana woyamba wa malemu walephera kufika chifukwa kumene amakhalako kwagwa chipale. Mkulu wampingo wa imvi zake, amayi, ananama pamaliro a mlongo wake kuti ine ndisachite manyazi. Ndipo mu Febuluwale muja anandiphera nkhuku.

"Nkhata yanu ndinayala ndine," anatero a Eneless. "Ataitana dzina lanu panakhala chete, ndiye ndinadzuka. Ndinagwada kawiri tsiku limenelo, kwanga ndi kwanu."

Ndinayamba kupepesa, koma anakana.

"Ine musandipepese, zimenezo ndinalira kale. Amayi anakufunsani Lachitatu. Ndinawauza kuti muli m'ndege, anamwetulira n'kugona. Koma mwanayo mwamuuza?"

Sindinamuuze, amayi. Ndikuopa. Tsiku limenelo ndi labwino kuposa onse amene mwanayo wakhalapo nawo, katauni konse kamamudziwa chifukwa cha tsikulo, ndipo ine ndikufuna kumuuza kuti bambo ake anadziwa zonse n'kuvinabe. Mwina mpira uja sadzafunanso kuuona. Mwina amene sadzafuna kumuona ndi ine. Koma sindingalole kuti akaime pamanda panu ndi mpira m'manja, akulankhula zimene ndinamuuza, anthu onse akuyang'ana pansi poti akudziwa zoona kupatula iye yekha. Manyazi amenewo ndi anga, sindimusenzetsa.

Choncho kumasewero a chaka chino sindipita. Ndamuuza kuti ndikupita kwa agogo ake, ndipo pali nkhani imene ndidzamuuze akamaliza. Mwambo uja ulendo uno ndiusunga chifukwa cha iyeyo, osati chifukwa cha ine. Akadzangotuluka m'bwalo, kaya apambana kaya agonja, ndidzamuimbira ndili pambali panu, ndipo ndidzayambira pa foni ya a malume ya Lachiwiri lija. Za mpirawo adzasankha yekha akudziwa. Amake Takondwa nditawauza zimenezi anangotsitsa chikwama pamwamba pa wodilopu n'kuyamba kupukuta fumbi.

Ndikafika ndiyambira kwa a malume, tambala wopepesera ali m'manja, ndikagwade pakhomo pawo. Kenako ndibwereka khasu kwa a Eneless ndidzakupalireni udzu, poti mvula yayamba ndipo ndikudziwa kuti simunkafuna pabwalo pa thengo. Manja angawa anafewa ndi makompyuta, ndiye mukaona matuza musandiseke kwambiri.

Munamwetulira mukuganiza kuti ndikubwera, amayi. Ndachedwa ndi chaka chathunthu, koma ndege ya ulendo uno ikutera ku Lilongwe. Nkhata ndidzagula ndekha, ndidzayala ndekha, ndidzagwada ndi maondo anga. Tayi ndimusiya kuno.

Ndimakukondani, ngakhale ndinalephera kuonetsa pa nthawi yake.

Ndine mwana wanu woyamba,
Filipo