Phiri Amene Sitinamupande

Mikocheni, Dar es Salaam

Okondedwa amalume,

Ndikhulupirira mwendo uja wayamba kupepuka. Kuno tili bwino, kungoti kukutentha.

Ndafuna ndilongosole za uthenga wa pafoni umene mwana wanga Anitha anakutumizirani, wakuti "tapanda phiri". Sitinamenye munthu. Pa Chiswahili kupanda ndi kukwera. Tinakwera phiri la Ngozi ku Mbeya, kudutsa m'nsungwi ndi m'matope, mpaka tinaona madzi obiriwira ali phee m'chidzenje cha pamwamba pake.

Pamenepo anandifunsa kuti, "Baba, madzi otere pa Chichewa amati chiyani?" Kuti nyanja, ndinaona ngati ndakuza. Kuti dziwe, ndachepetsa. Ndi digiri yanga yonseyi, ndinangoti tidzafunsa agogo, kunena inuyo. Kodi kwathu ku Mulanje mumati chiyani?

Uthenga uja unali woyamba kuti alembe yekha m'Chichewa, chikhalirecho ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Mutayankha kuti "Phiri wake uti, walakwanji?" ine ndi amayi ake tinaseka, koma iye sanaseke. Kuyambira tsikulo akundiyankha m'Chiswahili chokhachokha. Mwina wolakwa ndine, ndinayamba mochedwa kumuphunzitsa Chichewa.

Dzina la madziwo musandiuze ine. Mumulembere iyeyo, ndipo akaphonyanso poyankha, chonde mungomuyankha ngati mwamva bwinobwino.

Ndine mwana wa mlongo wanu,
Nicodemus