Phulusa la Pamphumi pa Tadala

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno ku Lirangwe tilipo, miyendo ya amayi yasiyako kupweteka, koma pakhomo pano zinthu sizili bwino.

Lachitatu Laphulusa amayi anapita kutchalitchi ndi mwana wanu Tadala. Anabwerako onse ali ndi mtanda wa phulusa pamphumi. Alamu, akazi anu, atangomuona mwanayo anatenga kansalu konyowa n'kumupukuta, amayi akuona. Alamuwo anati, "Kumpingo kwathu zimenezi kulibe. Ife tinasala kale mu Januwale, masabata atatu, osadzipaka kanthu."

Masana omwewo alamu anapha nkhuku poti kunabwera m'bale wawo wa ku Chileka, n'kupatulira amayi ntchafu. Ine ndikuona kuti unali ulemu, sankadziwa kuti tsiku limenelo ife nyama sitidya. Amayi anabweza mbaleyo osavundukula n'komwe. Ino ndi sabata yachiwiri asakulawa za mumphika wa alamu, akuti ananyozedwa kawiri tsiku limodzi. Alamu nawo akuti mukangokhala chete, abwerera kwawo ndi mwana.

Chonde imbani foni Lenti isanathe, muyankhule nawo onse awiri. Ine ndatopa kukhala mkhalapakati. Dzulo ndinamupeza Tadala kuseri kwa nyumba, akudzipaka phulusa la pambaula kenako n'kudzipukuta yekha. Nditamufunsa anati sakufuna kukwiyitsa agogo kapena amayi ake.

Mulungu yemwe tonsefe tikumusalirayo akusungeni.

Ndine mlongo wanu,
Elube