Mipando ya pa Envelopu

Hyattsville, Maryland
14 Okutobala 2023

Okondedwa Bambo,

Zimene azakhali a Anastazia akufalitsa kumeneko, zoti mwana wanu amatola zinyalala ku Amereka, nzabodza. Ndimatola mipando. Anthu kuno akatopa ndi mpando amauika m'mphepete mwa msewu, ine ndimaunyamula pagalimoto ya a Goodwin, bambo wa ku Zambia amene ndimagwira naye ntchito, n'kuupala, kuumata, kuupaka vanishi. Eni ake omwewo amabwera kudzagula. Lendi ndimalipira, ndipo ndanenepa.

Musanang'ambe envelopuyi, yang'anani masitampa. Boma la kuno linawatulutsa zaka zapitazo polemekeza anthu opanga mipando yamakono, ndipo ndinawapeza pamene ankagulitsa katundu wa nkhalamba ina ku Lanham. Ndamata ambiri dala. Onani wa pa sitampa ya pakonayo, mpando waufupi wa pulayiwudi yopinda, wopanda maluwa, wopanda thonje. Si ngati uja munkakhoma ku Zingwangwa, anthu n'kumati a kalipentala alephera kugula matabwa? Kuyunivesite ndinajambula wotero, mphunzitsi anaukweza m'mwamba kuti kalasi iseke. Iye adakali pomwepo ndi jekete yake imodzi ija. Kuti ndinasiya sukulu sindidandaula, ndipo musayembekezere kuti ndipepesa.

Azakhaliwo atabwera kudzaona mwana wawo wogwira ntchito ku ofesi ya kazembe kuno anafika kwanga. Anaima pakhomo ndi chikwama m'khwapa, nafunsa ngati mipandoyi ilibe nsikidzi. Ndinati nsikidzi za kuno zimasankha. Kenaka analunjika pa mpando wa pawindo, wofanana ndi wa pa sitampawo, umene ndinaukonza miyezi yambiri chifukwa mwendo unali utathyoka. Ndinawaletsa.

"Umenewo ndi wa bambo."

Anati bambo ako ali ku Blantyre, mpando ungadziwe bwanji? Ndinawakumbutsa kuti kwathu, ngakhale inu mutapita ku maliro sabata yathunthu, panalibe wokhala pa mpando wanu, ngakhale abusa. Azakhali anakhala pa sitandi ya nsapato, tiyi anamwa, koma mkwiyo wake ndi umene mukuumva kumenekowo.

Mng'ono wanga Ellen wandiuza pafoni kuti munati simungakwere ndege kukaona manyazi. Bwerani mudzawaone ndi maso anu. Tikiti ndigula ine, za chitupa cha ulendo ndithamanga nazo. Mudzagwire guluu wa kuno, mudzandiuze ngati malumikizidwe anga ali bwino, poti a Goodwin amangoyamikira chilichonse. Chisanu chimatha mu Epulo.

Moni kwa amayi, muwauze kuti mafuta a mawondo ndatumiza. Moni kwa mng'ono wanga Ellen, amene amandifikitsira mawu anu onse popeza inu simugwira foni ndikaimba. Kwa azakhali moninso, akapuma.

Ndine mwana wanu,
Mwabi

Mzungu wina wabwera kawiri kudzafuna mpando wa pawindowo. Sunagulitsidwe, ndipo palibe amene wakhalapo.