Kahamala koswera nkhanu

Okondedwa azakhali Annaig,

Ndikhulupirira muli bwino. Ife tamanga tenti pagombe ku Plouguerneau, ndipo tapeza malo ophika nkhanu zokoma zedi. Amakupatsa kahamala koswera zigoba.

Dzulo amuna anga, a Gwendal, anamenya nako tebulo mpaka mbale kusweka, ati bambo woperekera zakudya amandisekerera. "Ndi mkazi wako ameneyu, galu iwe?" Anamugwira pakhosi n'kumuthira zibakera, magazi chuchuchu pansalu yapatebulo. Anthu atatu ndiwo anawaleretsa.

Titabwerera kutenti a Gwendal anatseka zipi ya pakhomo. Zinazo ndidzakuuzani pamaso. Lero ndikungomwa msuzi wa nsomba, kutafuna sindingathe.

Chonde musawauze amayi. Kahamala kaja sindinabweze ayi, kali m'thumba mwangamu, ndipo kuno tatsala ndi masiku anayi.

Ndine mwana wanu,
Soizic