Kaseti Yobiriwira Ili ku Olieven

Lachiwiri

Anti Rehana 07:12
Moni a ku Joni, kuchokera kuno ku Mangochi. Agogo anu akananso phala, lero akwana masiku atatu. Sakundizindikira, akunditchula kuti anesi. Akungofunsa kaseti yawo yobiriwira ija.

Sumayya 07:15
ija ankayika akamapeta mpunga pakhonde? anti ija inasowa 2016

Anti Rehana 07:16
Ndawauza. Akuti kaseti ilibe miyendo.

Sumayya 07:20
Bilali ma tick ndi a blue, ndikudziwa ukuwerenga

Bilali 09:41
ndili pa job achemwali, tikupenta ku centurion

Sumayya 09:42
dzina la nyimbo ija ukulikumbuka? ndiisake pa net

Bilali 09:44
inalibe dzina. pa label analemba OSAGWIRA ndi bolopeni yofiira, A womalizayo anathera mmphepete

Sumayya 09:45
label ukuikumbuka bwino eti

Sumayya 10:30
Bilali

Bilali 17:05
[chithunzi]

Sumayya 17:06
iwe. imeneyo ili pa bed pako ku olieven?

Bilali 17:06
inalowa mchikwama tsiku lonyamuka

Sumayya 17:07
yokha. nkudutsa ma border atatu yokha. agogo anandinena ine mwezi wathunthu kuti ndaibwereketsa kwa anyamata

Bilali 17:15
ndinkafuna kanthu ka kunyumba. sindinaimverepo nkamodzi komwe, ndilibe poyimbira

Sumayya 17:17
kuno ku gezina kuli a Gilbert okonza ma tv, pafupi ndi shop yathu. ali ndi mawayilesi akale. mawa ubwere nayo. loweruka ayi, mawa

Lachitatu

Bilali 12:30
[uthenga wa mawu 3:52]
a Gilbert aiyimba, ndajambula. anti ayikireni pakhutu plz

Anti Rehana 14:02
Amvera pang'ono kenako akankha foni. Akuti si imeneyo. Akufunsa kuti bambo akuyimbayo akuthamangira kuti.

Bilali 14:03
koma ndi yomweyo

Sumayya 14:05
eish inenso ndaimva yachilendo. imene tinkaidziwa ife ankayimba ndi mdala wonenepa wotopa. uyu ndi mnyamata

Bilali 14:38
mabatire

Bilali 14:39
agogo sankagula atsopano. tinkawayanika padenga, akakanika tinkawaluma. wokwera ndinali ine, malata akuotcha mapazi. wayilesi ija sinayendepo pa speed yake chibadwire changa

Bilali 14:40
a Gilbert analumikiza kumagetsi. ndatsika taxi, ndikubwerera

Bilali 15:55
tatenga mabatire otha a mu tochi yawo. akuti zaka 30 akukonza mawayilesi sanapemphedwepo kuti ifooke

Bilali 16:02
tape inakodwa pakati, ndaibweza ndi bolopeni. manja sanaiwale
[uthenga wa mawu 5:10]

Sumayya 16:11
ndi imeneyo

Sumayya 16:12
ndili mu storeroom. a boss ndawauza kuti ndi flu

Sumayya 18:20
anti amva?

Lachinayi

Anti Rehana 08:03
Pepani dzulo foni inazima. Amvera kanayi mmawa uno. Gawo lachiwiri ayimba nawo, mawu onse. Adya masipuni asanu ndi limodzi.

Anti Rehana 08:05
Kenako anati, Rehana phala ili lachepa shuga.

Sumayya 08:05
Alhamdulillah. akutchulani dzina

Anti Rehana 08:09
Afunsa amene waipeza. Ndati Bilali ku Joni.
[uthenga wa mawu 0:11]

Sumayya 08:10
ndili pa till sindingamvere, akuti chani

Anti Rehana 08:13
Akuti ankadziwa kalekale, ankangodikira anene yekha. Akuti abwere nayo ndi manja ake, asapatsire driver wa bus.

Sumayya 08:14
ankadziwa? nanga mwezi wanga uja

Anti Rehana 08:15
Za iwe sananene.

Sumayya 09:30
Bilali wamvera?

Sumayya 11:02
osapupuluma. days za mu passport yako zinatha kalekale, ukatuluka mu joni sakulolanso kulowa. job, room, zonse. ndikhoza kuitenga ine december

Sumayya 11:40
ndikuona ukulemba nkufufuta

Bilali 12:47
december ndi kutali achemwali

Bilali 12:49
anti bus ya loweruka imafika lolemba. auzeni azidya