Ndikusinja Chiponde, Amayi

Amayi, kodi muli bwanji kumene mudapitako?

Ndine Zakariya, chitsirizira chanu, uja munkati ali ndi manja awiri akumanzere. Kuno kuchikamwini ku Ntengo-Wambalame tilipo. Chisanu chidabwera msanga chaka chino n'kuwaula nyemba za kudimba, koma kachewere yekha wabereka. Kwathu ku Chidzolomondo mchemwali wanga Rozina wabereka mwana wamwamuna, makutu ake ngofanana ndendende ndi a malemu atate. Fodya wa banja la Rozina adang'ambidwa ndi matalala, ndipo denga la khitchini yanu lidagwa mvula yomaliza ija. Ng'ombe mudandisiyira ija, Mwaiwala, yaswa kathole, mkaka ukuchita kutsala.

Tsono khalani pansi ndikuuzeni imene yandilembetsa. Mkazi wanga Felisita ali ndi pakati. Ndikudziwa kuti nkhani yotere salengeza, koma inu mukauza yani? Munalipo tsiku lija amayi okhaokha adanyamula kamtolo ka mwana wathu wopita padera kupita nako kudambo, ine nditakhala pakhonde osaloledwa ngakhale kulira mokweza. Mudandiuza kuti, "Pukuta maso, mkazi wako akuyang'ana iwe." Sindidaiwale, ndipo sindikufuna kukhalanso pakhonde lija.

Koma pakati pake pamuzunza, amayi. Phala, tiyi, chilichonse chofuka nthunzi chinkangobwerera, ngakhale fungo la anyezi la kwa aneba linkamusanzitsa. Adawonda mpaka mphete ya ukwati inkavuka yokha akamasamba m'manja. Ku posto, kachipatala kathu kaja, anamwino adamuika botolo la madzi, atatha adandiitanira pambali. Adati sikelo ikatsikanso mwezi wamawa atitumiza kuchipatala chachikulu, ndipo za mwanayo sangandilonjeze kanthu. Ndidachita mantha, sindikubisirani.

Potuluka pageti tidapeza mayi wogulitsa jelinyu, timadzi tashuga toundana m'timapulasitiki tija. Felisita adati ndimugulire kamodzi. Adakayamwa konse, ndipo njira yonse panjinga sadandiimitse kuti asanze. M'mawa mwake ndidabwerera kwa anamwino kukawauza. Iwo adati, "Pronto, khomo mwalipeza. Koma madzi a shuga si chakudya. M'tauni amaundanitsa yogurte, ena n'kuthiramo chiponde. Yesani, koma mkakawo muziyamba mwauwiritsa." Nditafunsa kuti yogurte n'chiyani, n'kundifotokozera, ndidaseka ndekha. Epa! Chimenechi si chambiko chanu chija, kungoti chavala nsapato?

Vuto lidali apongozi anga, a Nangozo. Mukudziwa mmene timakhalira, ine ndi iwo sitiyang'anana kumaso, ndipo akafuna kundiuza kanthu amauza nkhuku za pabwalo. Atamva za ganizo langa adatuluka ndi lichero, n'kumati, "Nkhuku inu, mudamvapo kuti mayi wapakati amadya matalala? Mwana adzabadwa ndi chibayo, ndiye tidzaone amene adzalire." Musawaweruze, amayi. Felisita ndi mwana wawo mmodzi yekhayo wamkazi, ndipo kamtolo kaja adakanyamula ndi iwo. Koma kusinja adakana, Felisita naye sangayandikire fungo la nsawa zokazinga. Ndiye watsala yani? Wa manja awiri akumanzere uja.

Ndidatenga phale, nsawa ndi mtondo n'kupita nazo kudimba, kutali ndi mphuno ya mkazi wanga. Zoyamba zidapserera kunja, m'kati zili ziwisi. Apo ndidamva mawu anu ngati muli kumbuyo kwangaku: "Nsawa sakazinga ndi malawi, iwe, moto uyambe wagona." Ndidadikira makala, ndidathira mchenga wa kumtsinje m'phale monga munkachitira, n'kumatakasa osaleka mpaka khungu lidayamba kusupuka ndikatikita ndi zala. Kupeta ndiye musafunse, theka lidathera mbalame za kudimba. Posinja mapewa adandiyaka, ndidafuna kusiya zikadali ngati nsinjiro, koma munkati chiponde sichipsa chisadachite thukuta. Ndidapitiriza mpaka mafuta adanyezimira m'mtondo.

Amayi otunga madzi adandipeza munsi uli m'mwamba. Kuseka kwake! Wina adakuwa kuti, "Ameneyu wadya khuzumule, taonani mwamuna akusinja!" Ine ndidati, "Eya, ndadya, ndipo ngwokoma. Mukawapatseko amuna anu, mwina mapewa anuwo angapumeko." Adapita akuwomba m'manja, ine manyazi adandithera pomwepo.

Kumudzi kuno magetsi sadafike, choncho ndidakagwada kwa a Domingu, aja a baraka, kagolosale ka pafupi ndi msika. Adandipatsa kangodya ka m'jeleira, firiji yawo ija, ine n'kumawatsitsira makireti galimoto ikabwera. Ulendo woyamba ndidalakwitsa pawiri. Chambiko ndidathira ndi madzi ake omwe, ndiye chidaundana gwa ngati mwala, chiponde chili pansi pachokha. Komanso sindidavindikire, pomwe m'jeleiramo a Domingu amasungamo nsomba za karapau. Felisita atangonunkhiza adathamangira kuseri kwa nyumba. Tsiku limenelo ndidakhala pansi pa mpichesi, mutu uli m'manja, n'kumadzifunsa ngati sindikungomuwonjezera mavuto mwana wa eni.

Chidandidzutsa ndi kansalu kanu koyera kaja. Mukukumbukira mmene munkapachikira chambiko pamtanda wa m'khitchini, madzi n'kumadontha m'mbale mpaka chitsale cholimba ngati phala la mwana? Ife tinkaba ndi chala, inu n'kumati mbewa za nyumba ino zili ndi zikhadabo zisanu. Ndidachita chomwecho. Mkaka wa Mwaiwala ndimauwiritsa, ukazizira mpaka chala kupirira ndimathiramo supuni ya chambiko chadzulo, n'kuvindikira pofunda. Chikagwira ndimachisefa m'nsalu yochapa bwino. Kenako ndimasakaniza ndi chiponde ndi nthochi yakupsa kwambiri yokanya, shuga osafunikanso. Ndimathira m'timakapu ting'onoting'ono, kamtengo kansungwi pakati, tonse m'chitini chotseka kuti nsomba za a Domingu zisatipatse moni. Potenga, chitinicho ndimachikwirira mu utuchi m'dengu, n'kupalasa njinga ngati ndaba.

Tsiku lomwe timakaputo tidatuluka bwino, ndidafika pakhomo mtima uli m'mwamba, n'kupeza a Nangozo atakhala pakhonde pathu penipeni. Sadandiyang'ane. Adangotambasula dzanja chakumbali, ine n'kuikamo kamodzi. Adati, "Nkhuku inu, ngati ndi poizoni ayambe wapha ine. Mwana wanga salawa lero. Ndikadzuka ndi chifuwa mawa, zinthu izi zisadzapondenso pano." Ndiye m'malo monyambita adaluma ndi mano awo otsala aja, n'kumeza msangamsanga. Mayo ine! Adagwira pachipumi, maso ali psuu, n'kumaitana Mariya Woyera. M'nyumba ndidamva Felisita akuseka, kuseka kumene ndidali nditakuiwala.

Komabe mawu awo adali mawu. Tina tonse tidasungunukira m'chitini ine ndikuona, mkazi wanga ali ndi njala mkati. Ndidapsa mtima, amayi. Ndidafuna kulankhula zimene mkamwini salankhula. Koma tsiku londiperekeza kuno mudandinong'oneza kuti wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima, choncho ndidameza mawu anga, ndidamwa zosungunukazo, n'kubwerera kudimba kukakazinga nsawa zina.

M'mawa ndidadzuka makutu ali kunyumba kwa apongozi. Akatsokomola kamodzi kokha, ngakhale chifukwa cha fodya wawo wa pamphuno, zanga zatha. Ndidamva tsache likuyenda pabwalo. Kenako adayamba nyimbo ya kutchalitchi, mokweza kuposa masiku onse, ndime zake zonse osadumpha, mawu ali mbee. Atamaliza adaima pafupi ndi khomo lathu n'kunena kuti, "Nkhuku inu, dzuwa lakwera. Kodi njinga ija yafa?"

Sindidapalasepo njinga chomwecho chibadwire. Felisita adalandira kamodzi, adakanunkhiza kaye mwamantha, n'kuyamba kunyambita pang'onopang'ono. Tonse tinkamuyang'ana, ine pakhomo, amayi ake kuseri kwa zenera ngati akusankha nyemba. Kadatha, kamtengo kokha n'kutsala. Tidadikira. Sadadzuke kuthamangira kuseri. M'malo mwake adandiyang'ana n'kunena kuti, "Zaka, kalipo kena?" Ndidatuluka panja kukalira, ndipo ulendo uno palibe adandiletsa.

Tsopano akudya tingapo patsiku, dzulo wawonjezera kachewere wophika wozizira, ndipo wakhala m'mimba. Sindikunamizani kuti wachira. Masiku ena m'mawa amasanzabe, mphete ija idakali pachingwe m'khosi. A Nangozo amalawabe kamodzi m'chitini chilichonse, akuti n'kutsimikiza, koma ndaona kuti amasankha kakakulu. Ndikamasinja amabwera kudimba n'kukhala chondifulatira, kumauza nkhuku zomwe kulibeko kuti munsi sagwira ngati khasu. Chiponde changa chayamba kusalala.

Sabata yamawa tikupita kusikelo. Za Mulungu sindingakulonjezeni, amayi, ndi zake. Koma zanga ndikulonjeza. Malinga Mwaiwala akutulutsa mkaka ndipo miyendo yangayi ikupalasa, chitini chija sichidzafika pakhomo chopanda kanthu, aseke amene akuseka, igwe mvula kapena matalala. Ndipo mwanayu akadzabwera, akadzangolimba khosi, ndidzamubereka ine ndemwe kumbuyo mpaka ku Chidzolomondo, ndidzagwade pamene mudagonapo, mudzamuone munthu amene adakula ndi chambiko chanu asadabadwe.

Mutipempherere kumeneko. Moni kwa atate, muwauze kuti makutu awo sadatayike.

Ndine mwana wanu wokukondani, amene manja ake ayamba kuphunzira,

Zakariya