Kabatani ndi Ulusi Wofiira

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Nanga msana uja ukukuvutanibe, kapena munamvera zanga n'kusiya kunyamula matumba ngati mnyamata? Ife kuno tili bwino, kupatula chimfine chimene chinazungulira nyumba yonse mwezi watha.

Mphwanu Kabatani wakula, simungamuzindikire. Wakwanitsa zaka zitatu ndipo pakamwa sipatsekeka. Amawerenga mpaka teni, ngakhale seveni amamudumpha ngati anayambana naye. Tsiku lonse ankakhala pansi pa makina osokera a bambo ake pakhonde, kutola tizidutswa ta nsalu. Nkhani imene ndakulemberaniyi ndi ya iyeyo.

Bambo ake, paja mukuwadziwa atelala, anayamba kumuphunzitsa mitundu pogwiritsa ntchito ulusi. Amandandalika timipukutu pa tebulo lodulira nsalu, n'kumutuma kuti abweretse wakutiwakuti. Wabuluu amabweretsa chothamanga. Wachikasu, woyera, wakuda, salakwitsa. Koma akati wofiira, mwana amanyamula wobiriwira, n'kubwera nawo akumwetulira ngati wapha njovu.

Poyamba tinkaseka. Nditapita naye kusikelo ndinafunsa anamwino, ndipo anati ndisade nkhawa, ana ambiri amasokoneza mitundu pa msinkhu umenewu, maso ake adzayezedwa bwino akakulako. Mtima unakhala pansi.

Koma kamtsikana ka aneba, kamene kanabadwa Kabatani akukwawa kale, kanabwera tsiku lina n'kutchula ulusi wonse osaphonya, makasitomala ali pomwepo. Bambo a Kabatani zinawapweteka. Kuyambira pamenepo sewero lija linasanduka sukulu. Samumenya ayi, musandimve molakwa, ndi munthu wofatsa. Amangousa moyo, n'kumati mwana wa telala sangakhale mbuli pa ulusi, ndiye kuti akuchitira dala kapena ndi wouma mutu.

Lachiwiri lapitali ndinkasita madiresi pakhonde pomwepo. Anamutuma wofiira. Mwana anatambasula dzanja, koma sanayang'ane ulusi, anayang'ana ine. Dzanja likuyenda pang'onopang'ono pamwamba pa timipukutu, maso ali pa ine, kudikira kuti nkhope yanga imuuze. Achimwene, ndinatsala pang'ono kuwotcha diresi ya eni ake.

Ndinakumbukira inu m'dimba la bambo lija. Mukukumbuka mmene ankakukalipirani mukathyola matimati osapsa, n'kumati ndinu waulesi wongofuna kudzaza dengu msanga? Mpaka tinapangana kuti ndiziyenda pambali panu, dzanja lanu likafika pa losapsa ndizitsokomola. Ndinatsokomola zaka zonse zija, mpaka mayi anandimwetsa mankhwala a chifuwa ndisakudwala. Munandilumbiritsa kuti ndisauze munthu zoti maso anu sasiyanitsa chofiira ndi chobiriwira, ndipo sindinauze. Mpaka lero alamu amangoganiza kuti simudziwa kutchena, n'chifukwa chake amakusankhirani malaya.

Ndinabwereranso kwa anamwino aja, kunamizira kuti ndikufunsira mnzanga. Anati zoterezi zimakonda kudzera kuchikazi n'kukaonekera mwa ana aamuna, komabe anabwereza kuti kwa mwana wamng'ono chonchi n'kudikira basi. Mwina Kabatani akungochedwa, mwina watengera amalume ake. Ine zonsezo ndazilandira. Chikundiwawa n'chakuti mwana wayamba kuthawa khonde. Akangomva tebulo likukokedwa amakabisala kuseri kwa chitseko. Dzulo ndikumusambitsa anandifunsa chapansipansi kuti, "Amayi, ine ndine mbuli?"

Ndinamuyankha kuti ayi, koma anangoyang'ana madzi. Amadziwa kuti mayi amakana zilizonse.

Ndinayesa kuwauza bambo ake kuti alipo anthu amene sasiyanitsa chofiira ndi chobiriwira. Anaseka, ati maso ndi maso, mwana amene amatola singano itagwa pansi angalephere bwanji kuona mtundu? Ati ndiwasonyeze munthu mmodzi yekha wotero, pamenepo akhulupirira. Dzina lanu linafika pamilomo, koma ndinalimeza.

Ndiye ndikukupemphani, achimwene. Bwerani kumapeto kwa mwezi uno mudzakhale nawo pakhonde alamu anuwa. Inu amakulemekezani, ngakhale kugula njinga anayamba afunsa kaye inu. Mudzawalole akundandalikireni ulusi wawowo, mwana akuonerera, mudzanyamule umene maso anu adzakuuzeni.

Ndikudziwa kuti ndikupempha chinthu chachikulu, chimene mwabisa kuyambira muli mwana. Mukakana sindikwiya, ndipo pakamwa panga pakhalabe potseka. Koma ine ndingathe kungomuuza mwanayu kuti uwu ndiye wofiira. Womuuza kuti si mbuli, iye ndi bambo ake n'kukhulupirira, ndinu nokha.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana onse. Mulungu akusungeni, ndipo ndidikira yankho lanu.

Ndine mlongo wanu,
Mayi a Kabatani